Zida za Munthu Wosambira Yekha Pansi pa Madzi

Lamulo loyamba limene munthu amaphunzira akafuna kusambira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya ndi lakuti asalowe yekha. Ophunzira amaikidwa awiriawiri. Amaonerana zida asananyowe, amatsikira limodzi, amafunsana ndi zala za mpweya umene watsala, ndipo amatulukiranso limodzi. Paja amati kuyenda awiri si mantha, ndipo m'madzi chifukwa chake n'chosachita kufunsa: mpweya wa mmodzi ukatha, wa mnzake ndi umene ungamufikitse pamwamba.

Chikhalirecho, anthu olowa okha alipo, ena mwadala, ena mosazindikira. Wojambula zithunzi amatha kukhala phee pamwala umodzi kwa mphindi 20 kudikira kuti nsomba ituluke kuphanga, mnzake atatopa kalekale n'kulowera kwina. Mlangizi amene akutsogolera ophunzira atsopano amazunguliridwa ndi anthu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angamupulumutse zinthu zitamutembenukira. M'madzi amatope, momwe munthu amalephera kuona ngakhale dzanja lake, awiri amatayana asanafike n'komwe pansi.

Kuchokera mu 1943, pamene Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga chipangizo chopumira cha Aqua-Lung ku France, panadutsa zaka zambiri nkhani yolowa wekha ikukambidwa monong'ona. Mu 1991 Robert Von Maier anatulutsa buku lotchedwa Solo Diving, ndipo mu 1999 bungwe la Scuba Diving International, kapena kuti SDI, linayamba kupereka setifiketi ya luso limeneli. Bungwe la PADI linadzatsatira ndi maphunziro ake otchedwa Self-Reliant Diver. Mabungwe awiriwa salandira munthu amene sanakwanitse maulendo 100 a pansi pa madzi olembedwa m'buku lake. SDI imafunanso kuti munthuyo akhale wa zaka 21, pamene PADI imayambira pa zaka 18. Komabe setifiketi si chilolezo cholowa paliponse. Ku Maldives malamulo amaletsa osambira pongosangalala kulowa okha, ndipo eni maboti ambiri m'mayiko ena amakana ngakhale munthu ataonetsa chikalata.

Maphunziro onsewa atsamira pa mfundo imodzi: chilichonse chimene mnzake akanamupatsa pa ngozi, wolowa yekha ayenera kudzinyamulira. Koma chida cha sipeya chimakhala ndi phindu pokhapokha ngati sichingawonongekere limodzi ndi chinzake, ngati chili chokwanira kumufikitsa pamwamba, komanso ngati dzanja lake lingachipeze mantha atamugwira, maso asakuona bwino.

Ngozi zimayambira pati?

Bungwe la Divers Alert Network, lodziwika kuti DAN, linakhazikitsidwa mu 1980 pa yunivesite ya Duke ku America, ndipo limasonkhanitsa malipoti a ngozi za osambira pansi pa madzi. Mu 2008 Petar Denoble wa bungweli ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataunika imfa 947 zimene zinachitika pakati pa 1992 ndi 2003. Pa imfa zimene chiyambi chake chinadziwika, 41 pa 100 zilizonse zinayamba ndi kutha kapena kuchepa kwa mpweya, 20 zinayamba ndi kukodwa kapena kutsekeredwa pamalo osatulukika, ndipo 15 zinayamba ndi kuvuta kwa zida. Amene ali ndi ndalama zochepa ndipo akufuna kudziwa choyambira kugula, manambala amenewa amuyankha kale. Ayambe ndi mpweya wachiwiri, atsatize chodulira, zina zonse zibwere pambuyo.

Masamu a mpweya

Pamtunda, m'mbali mwa nyanja ya mchere, mpweya wa mlengalenga umapanikiza thupi pa mlingo wa bar imodzi. Munthu akamatsika m'madzi, mamita 10 alionse amawonjezera bar ina, moti pa mamita 10 pali ma bar 2, pa mamita 20 pali 3, ndipo pa mamita 30 pali 4. Reguleta, chipangizo chopumira chomangidwa pa silinda, imapereka mpweya wolingana mphamvu ndi madzi ozungulira, apo ayi chifuwa sichingafutukuke. N'chifukwa chake kupuma kamodzi pa mamita 30 kumadya mpweya wochuluka kanayi poyerekeza ndi kupuma kamodzi pamtunda.

Titenge silinda ya malita 12 yopopedwa kufika ma bar 200. M'menemo muli mpweya wokwana malita 2,400. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi angaigwiritse ntchito maola awiri ali pamtunda, koma pa mamita 30 imamuthera pa mphindi 30 zokha. Mantha akamugwira, kapumidwe kamakwera kufika malita 30 kapena 40 pa mphindi, nthawi zina kuposera apo.

Si kuiwala kuyang'ana geji ya mpweya kokha kumene kumathetsa mpweya. Reguleta ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba chimamangidwa pa valavu ya silinda, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu ya mpweya kuchoka pa ma bar 200 kufika pafupifupi ma bar 10 pamwamba pa mphamvu ya madzi. Chachiwiri ndi cholumira, chija chimakhala pakamwa. Paipi yolumikiza ziwirizi ikhoza kuphulika. Kamphira kozungulira kamene kamatseka mpata pakati pa valavu ndi reguleta kakhoza kufwamphuka m'malo mwake. M'madzi ozizira kwambiri, osafika madigiri 10, monga a m'migodi yakale ya miyala imene osambira a ku Britain amaphunziriramo, reguleta imatha kugwira ayezi, mpweya n'kumangotuluka osaleka, silinda yodzaza n'kuphwa pa mphindi zowerengeka.

Pafupifupi wosambira aliyense amakhala ndi cholumira chachiwiri, kawirikawiri chachikasu, chimene amachitcha octopus, ndipo ambiri amayesa kuti sipeya yawo ndi imeneyo. Cholumirachi anachiika kuti mnzawo wosowa mpweya apumirepo. Chimakoka mpweya kudzera m'chigawo choyamba chomwe chija, kuchokera m'silinda yomwe ija. Silinda ikaphwa, zolumira zonse ziwiri zimauma nthawi imodzi.

Silinda yachiwiri

Njira yodziwika kwambiri ndiyo kunyamula kasilinda kapadera, kamene osambira amakatcha pony, kokhala ndi valavu, reguleta ndi geji yakeyake. Kukula kwake amawerengera, sachita kuyerekeza ndi maso.

Tinene kuti mpweya waduka pa mamita 30, ndipo munthuyo akupuma malita 30 pa mphindi. Mphindi imodzi yoti asinthe cholumira, mtima ukhale m'malo, n'kuyamba ulendo, imadya malita 120. Kukwera kuchoka pa mamita 30 kufika pa mamita 5, pa liwiro la mamita 10 pa mphindi, kumatenga mphindi ziwiri ndi theka ndipo kumadya malita pafupifupi 205. Kuima mphindi 3 pa mamita 5, kumene kumapatsa thupi mpata wotulutsa naitirojeni amene walowa m'magazi, kumadya malita 135. Mamita 5 otsalawo, akawakwera modekha kwa mphindi imodzi, amadya malita pafupifupi 40. Zonse pamodzi ndi malita 500.

Kasilinda ka malita 3 kopopedwa kufika ma bar 200 kamasunga malita 600. Pa mamita 30 kakwana, koma movutikira. Pa mamita 40 masamu omwewa amadutsa malita 650, choncho kameneka kachepa, ndipo pafunika ka malita 5 kapena 6. Palinso timabotolo ting'onoting'ono tokhala ndi cholumira pamutu pake, timene tina timasunga malita pafupifupi 85. Timakopa ogula chifukwa n'topepuka komanso sitisowetsa pokoleka. Tingathandize munthu amene ali m'madzi osaya, koma pa mamita 30, kumene munthu wamantha akudya malita 120 pa mphindi, kabotolo kotere sikakwanitsa ngakhale mphindi imodzi.

Malo omangapo kasilinda ndi nkhani inanso. Ena amakamangirira kumsana, pambali pa silinda yaikulu. Pamenepo sikasokoneza manja, koma mwini wake saona valavu yake, ndipo kakamatuluka thovu sadziwa. Pachitikapo ngozi zoti munthu analowa m'madzi ataluma cholumira cha kasilinda akuyesa cha silinda yaikulu. Geji yaikulu imangoonetsa kuti mpweya ndi wodzaza, iye n'kumasangalala, mpaka kasilindako kuuma ali pansi. Posadziwa chimene chalakwika, amathamangira pamwamba atabereka silinda yodzaza.

Ambiri odziwa amakakoleka kutsogolo, chakumanzere, ngowe imodzi pachifuwa, ina m'chiuno. Paipi amaipinda n'kuipanikiza ndi malamba a mphira m'mbali mwa kasilindako, cholumira chili pamwamba. Mpweya ukaduka, dzanja limatsetsereka kuchoka paphewa kufika pa valavu, limatsimikiza kuti ndi yotsekula, limakoka cholumira paipi n'kusololoka yokha. Munthuyo amalavula cholumira chakufa akutulutsa timathovu pang'onopang'ono, chifukwa kugwira mpweya m'chifuwa uku akukwera kumaphulitsa mapapo. Amaluma chatsopanocho, amadina batani lochotsa madzi, amapuma koyamba mochenjera, amayang'ana geji, kenako amayamba kukwera. Zonsezi zimatenga masekondi ochepa kwa amene anazolowera. Ndi bwinonso kuti cholumira cha kasilinda chisiyane ndi chinzake kaumbidwe, kuti mano ndi milomo zizindikire ngakhale mumdima.

Lamulo lalikulu pa kasilindaka ndi lakuti mpweya wake suwerengeredwa pokonza ulendo. Amene amakapumira kuti atalikitse nthawi yake pansi wadya kale chimene chikanamupulumutsa.

Olowa mozama kapena okhalitsa pansi amasankha masilinda awiri ofanana. Ena amawabereka kumsana atalumikizidwa ndi kachitsulo kokhala ndi valavu pakati. Mbali imodzi ikayamba kutaya mpweya, amatseka valavu yapakatiyo kuti mbali inayo itsale. Njirayi imathandiza munthu yekhayo amene mkono wake umafika kuseri kwa mutu n'kupotokola mavalavu atavala zonse, ndipo zimenezi zimafuna kuyeserera kawirikawiri. Ena amapachika silinda imodzi kumanja, ina kumanzere, kunsi kwa makhwapa. Kamangidwe kameneka kanayamba ndi osambira m'mapanga a ku Britain m'zaka za m'ma 1960, pofuna kudutsa m'mipata yopapatiza. Ubwino wake kwa wolowa yekha ndi wakuti mavalavu onse ali pamaso pake. Amangoyenera kusinthasintha zolumira kuti masilinda awiriwo azitsikira limodzi.

Palinso valavu ya makamwa awiri imene imalola mareguleta awiri pa silinda imodzi. Imathandiza reguleta imodzi ikafa, koma mpweya ukatha m'silindamo palibe chimene ingachite. Pa kalumikizidwe ka reguleta ndi valavu, ambiri amakonda mtundu wa DIN, umene umalowa mopotokola n'kutsekera kamphira kaja mkati, kusiyana ndi mtundu wongopanira kunja umene ukagundidwa kamphirako kamatha kufwamphuka.

Kugawa mpweya patatu

Osambira m'mapanga a ku Florida ndi amene anazika mwambo wogawa mpweya patatu, ndipo Sheck Exley anaufotokoza m'kabuku kake ka mu 1979 kotchedwa Basic Cave Diving: A Blueprint for Survival, ataunika imfa za anthu m'mapangamo. Gawo limodzi ndi lopitira, lachiwiri ndi lobwererera, lachitatu silikhudzidwa. Wolowa ndi ma bar 210 amatembenuka geji ikafika pa 140, n'kutuluka ndi 70. Olowa okha anatengera mwambo womwewu, ndipo amautsatira pa silinda yaikulu ngakhale kasilinda kali pambali.

Kuyandama ndi zolemera

Wosambira amavala jekete lopopa, lotchedwa BCD, limene amalowetsamo kapena kutulutsamo mpweya kuti asamire komanso asathawire pamwamba. Amavalanso mtovu m'chiuno kapena m'matumba kuti athe kutsika. Jekete limavuta m'njira ziwiri. Batani lopopera likhoza kukanirira, jekete n'kumangofufuma, ndipo mankhwala ake ndi kuzula kapaipi kake msanga n'kutulutsa mpweya. Likhozanso kubooka kapena kuthothoka potulutsira mpweya, osasunganso kanthu.

Vuto lachiwirili limakula munthu akakhala pansi kumayambiriro kwa ulendo. Mpweya wa malita 2,400 umalemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo chovala cha mphira chotetezera kuzizira chimafinyika akamatsika n'kusiya kumunyamula. Ngati anawonjezeranso mtovu wosafunika, miyendo yokha singamukweze. Muyeso wabwino ndi wakuti silinda ikatsala pang'ono kutha, munthu athe kuima pa mamita 5 jekete lili lophwa, osamira komanso osakwera. Wolowa yekha ayeserenso kukwera ndi zipsepse zokha silinda ili yodzaza, pamalo osaya, kuti adziwe ngati angathe.

Madzi a mchere amalemera kuposa madzi opanda mchere ndi magawo pafupifupi awiri ndi theka pa 100, ndiye amanyamula munthu kwambiri. Amene anazolowera ku Sodwana Bay ku South Africa kapena ku Tofo ku Mozambique akafika ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay ayenera kuchotsako makilogalamu awiri kapena atatu a mtovu. Akapanda kutero amalowa m'Nyanja ya Malawi ali wolemera mopitirira.

M'mayiko ozizira, chovala chosalowa madzi chimene chimapopedwa mpweya chimagwira ntchito ngati jekete lachiwiri. Kumadzi ofunda, ena amagula jekete la zikhodzodzo ziwiri, ena amadalira chubu chopopa chimene tichifotokoze kutsogoloku. Mulimonsemo, gawo lina la mtovu likhale lotayika ndi dzanja limodzi. Ambiri mwa osambira amene anamira anapezeka mtovu wawo uli m'chiuno, pamene kungomasula lamba ali pamwamba pa madzi kukanawayandamitsa.

Mpeni, sizasi ndi ukonde

Awiri akakhala limodzi, kukodwa ndi nkhani yaing'ono, chifukwa mnzake amangozungulira kumbuyo n'kumasula. Wolowa yekha saona kumsana kwake, ndipo n'kumene twaini ndi maukonde zimakonda kukola, pa valavu ndi pa chigawo choyamba cha reguleta, kuseri kwenikweni kwa mutu. M'Nyanja ya Malawi vuto limeneli si lachilendo. Matchela a nayiloni amene anakodwa m'miyala n'kusiyidwa ndi eni ake amatsala pansi nthawi yaitali, ndipo ulusi wake woonda suoneka m'madzi mpaka utakhudza munthu.

Zodulira zikhale ziwiri kapena kuposa, zosiyana mtundu, zoikidwa malo osiyana. Chimpeni chachitali chomangirira pa katumba wa mwendo chimaoneka chaukatswiri pa zithunzi, koma munthu amene miyendo kapena mkono wakodwa sangachifike, ndipo nachonso chimakola ulusi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampeni kakafupi ka mano mbali imodzi kakhale pa lamba wa m'chiuno chakutsogolo, pomwe dzanja lililonse lingafike. Pachifuwa kapena pamkono pakhale kachodulira kangowe kokhala ndi lezala mkati, kamene kamadula twaini pongokoka kamodzi ndipo sikangaboole jekete. Sizasi yolimba, ya mtundu umene azachipatala amadulira zovala za ovulala, imadula waya woonda ndi ulusi wolendewera umene mpeni umangoukankha.

Chida chokha sichimasula munthu. Wokodwa akayamba kutembenukatembenuka amadzikulunga yekha. Choyenera n'kuima, kupuma, kuyang'ana geji, kufufuza ndi dzanja pamene pakola, n'kubwerera m'mbuyo momwe analowera. Zikakanika, amavula jekete ndi silinda yomwe cholumira chili pakamwa, amamasula, n'kuvalanso. Luso limeneli amaliphunzira padziwe losambirira, ndipo amene mtovu wake wonse uli m'matumba a jekete adziwiretu kuti akalivula thupi lake lidzafuna kuthawira pamwamba.

Maso, kuya ndi nthawi

Diso la munthu siliona bwino likakhudzana ndi madzi. Lamba wa masiki akaduka kapena galasi likasweka, manambala a pa geji ndi pa kompyuta sawerengekanso, ndipo munthu sadziwa kuya kumene ali kapena liwiro limene akukwerera. Masiki yachiwiri, yoyesedwa kale kuti imakwana nkhope, ikhale m'thumba lotsekeka.

Kompyuta ya pamkono imawerengera kuya, nthawi ndi naitirojeni amene walowa m'thupi. Batire likatha kapena madzi akalowa, zonsezi zimazima nthawi imodzi. Sipeya yake ndi kompyuta ina imene yavalidwa kuyambira ulendo woyamba wa tsikulo, chifukwa yotsala m'chikwama sidziwa za naitirojeni wa m'mawa. Wotchi yosalowa madzi, geji ya kuya ndi ndondomeko yolembedwa pa kabolodi zimagwiranso ntchito yomweyo. Kompyuta imodzi ikafa, ulendo wathera pomwepo, ndipo inayo ndi yotulukira basi.

Apanso Nyanja ya Malawi ili ndi zake. Madzi ake ali pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene matebulo ambiri owerengera naitirojeni anapangidwira malo osapitirira mamita 300. Makompyuta ena amadzisintha okha, ena amafuna kuti mwini wake awauze. Ndipo wochoka ku Nkhata Bay kukwera msewu wa ku Mzuzu, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, akhale atapumula mokwanira asananyamuke.

Kampasi ndi yofunika chifukwa palibe wina wokumbukira njira. Usiku, tochi zikhale ziwiri. Osambira m'mapanga amanyamula zitatu, koma maphunziro a wolowa yekha salola n'komwe kulowa m'phanga, m'sitima yomira, kapena paliponse pamene pali denga pakati pa munthu ndi pamwamba pa madzi.

Kuoneka pamwamba pa madzi

Kutuluka m'madzi si kufika kunyumba. Pa 25 Januwale 1998, Tom ndi Eileen Lonergan, banja la ku America, anatsala m'nyanja ku Great Barrier Reef ku Australia, boti limene linawabweretsa litanyamuka osazindikira kuti anthu aperewera. Panadutsa masiku awiri zisanadziwike kuti akusowa, ndipo sanapezekenso. Iwowa anali awiri. Mutu wa munthu mmodzi pakati pa mafunde ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo amene anaonapo mwera ukuwinduka pa Nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira akudziwa kuti ngakhale bwato lathunthu limabisika.

Chida choyamba apa ndi chubu chachitali chofiirira, chotalika mita imodzi kapena iwiri, chomangidwa ku chingwe chokulungidwa pa kagudumu. Wosambira amachipopa pang'ono ali pansi n'kuchisiya chikwere chokha, mpweya wa mkati ukufutukuka pamene chikukwera, mpaka chikaime njo pamwamba. Chimachenjeza maboti kuti pansi pali munthu, chimasonyeza amene ali kumtunda kumene madzi amutengera, komanso chimamupatsa chogwirira poima pa mamita 5 kapena jekete likabooka. Pochitumiza, kagudumu kakhale m'dzanja, kosakolekedwa pathupi, chifukwa chingwe chikakodwa chubucho chimakokera munthu pamwamba mwaliwiro loopsa.

Wezulo imamveka patali kuposa mawu a munthu wotopa. Kagalasi kothwanimitsira dzuwa kamaoneka patali kwambiri masana, ndipo usiku kanyali kophethira kamagwira ntchito yomweyo. Olowa kutali ndi gombe amanyamulanso kachipangizo koitanira thandizo kotchedwa PLB, kamene kamatumiza uthenga pa 406 MHz kudzera pa masetilaiti a Cospas-Sarsat. Amakasunga m'kachitini kosalowa madzi ndipo amakayatsa atafika pamwamba.

Koma sipeya yotsika mtengo kuposa zonse ndi munthu wotsala kumtunda kapena m'boti. Auzidwe malo olowera, nthawi yotulukira, ndi woti amuitane nthawiyo ikadutsa.

Kusamalira zida

Kuchulutsa zida nakonso ndi vuto. Chilichonse cholendewera chimakola ulusi, chimalemetsa kusambira, ndipo chimasokoneza dzanja likamafufuza chinthu mofulumira. Chida chilichonse chikhale ndi malo ake osasintha, ndipo chimene mwini wake sangatchule ngozi imene chikuteteza chitsale kumtunda.

Zida za sipeya zimawonongeka mwakachetechete chifukwa sizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kasilinda kamatha kuphwa pang'onopang'ono kali m'nyumba, sizasi imachita dzimbiri, lamba wa masiki amafumbutuka m'thumba. Asanalowe, wosambira apumireko kangapo pa cholumira chilichonse akuyang'ana geji yake. Muvi ukamagwedera, valavu sinatsekulidwe bwino. Ku America silinda imaunikidwa mkati chaka chilichonse ndi kuyesedwa mphamvu zaka 5 zilizonse, ndipo mayiko ena ali ndi nthawi zawo. Kasilinda ndi reguleta yake zimafuna chisamaliro chomwecho.

Pali ngozi imodzi imene imalowa m'masilinda onse awiri nthawi imodzi. Kompuresa ikamakoka mpweya pafupi ndi utsi wa injini, kapena ikatentha kwambiri mafuta ake n'kumapsa, imapopera carbon monoxide m'silinda. Mpweya woipawu ulibe fungo, ndipo umakomola munthu. Ngati masilinda onse apopedwa pa kompuresa yomweyo, wachiwiri sangapulumutse munthu ku woyamba. Mpweya wonunkha mafuta kapena utsi ukanidwe, ndipo pali timakina ta m'manja toyezera mpweya woipawu.

Zimene zida sizingachite

Kafukufuku wa DAN uja anapezanso kuti pafupifupi imfa imodzi pa zinayi zilizonse, chimene chinafooketsa munthu chinali vuto la mtima. Kuyambira cha pa mamita 30, naitirojeni amayamba kuledzeretsa, maganizo n'kumayenda mochedwa mwini wake osazindikira. Munthu akakomoka, cholumira chimagwa pakamwa, ndipo palibe kasilinda, mpeni kapena kompyuta imene ingamunyamule kupita naye pamwamba. Ntchito imeneyo ndi ya munthu mnzake basi.

N'chifukwa chake wolowa yekha amadziikira malire othina kuposa a anthu awiri. Amasankha malo amene akuwadziwa, sapitirira kuya kumene anazolowera, sakhalitsa pansi mpaka kufika poti sangakwere molunjika, ndipo chinthu chimodzi chikangovuta amatuluka osayembekezera chachiwiri. Amakayezetsanso thupi kuchipatala, makamaka zaka zikamapita.

Kugula zida n'kosavuta kwa amene ali ndi ndalama. Chovuta n'kuzolowetsa manja. Munthu amene sangathe kusintha cholumira, kupeza chodulira ndi dzanja lililonse, kutaya mtovu ndi kuvala masiki yachiwiri maso ali chitsinzire sanakonzeke kulowa yekha, kaya wanyamula zida zochuluka bwanji. Ameneyo apeze mnzake wolowa naye, ndipo apitirize kuphunzira kwa mlangizi wovomerezeka.